NuGet pa pulogalamu ya console ya .NET: kuika phukusi n'kophweka, ntchito ili pambuyo pake

Wolemba pulogalamu ya console mu C# sapita patali asanafune khodi imene ena analemba kale: yowerengera fayilo ya CSV, yolumikizira ku database, yotulutsira lipoti la Excel. Ku .NET zonsezi zimadzera mu NuGet, chida chotsitsira ndi kuika maphukusi, ndiye kuti mitolo ya khodi yolembedwa kale. Inayamba mu 2010, poyamba ikutchedwa NuPack, ndipo pano ili m'manja mwa Microsoft. Nkhokwe yake yaikulu ndi nuget.org, ndipo wotsitsa phukusi salipira kanthu, woikamo phukusi lake nayenso salipira.

Maganizo athu tiwanene poyambirira pomwe. Pa ntchito yotenga phukusi n'kulilowetsa mu pulojekiti, NuGet ndi yodalirika kwambiri, ndipo pa zina imaposa npm ya JavaScript ndi pip ya Python. Pamene imafooka ndi pa zimene siikuuzani: vesheni ya phukusilo imene igwirizane ndi .NET imene muli nayo, ngati laisensi yake ikuloleza kugulitsa pulogalamu yanu, komanso ngati lidzayenda pa kompyuta ya munthu wina. Zitatuzi imakusiyirani nokha.

Lamulo lenilenilo

Titenge pulogalamu yaing'ono yowerenga ndandanda ya katundu wa m'sitolo kuchokera mu fayilo ya CSV. Mukatsegula terminal mulembe:

```
dotnet new console -n Sitolo
cd Sitolo
dotnet add package CsvHelper --version 33.0.1
```

Lamulo lachitatulo limachita zinthu zingapo nthawi imodzi. Limafufuza fayilo ya .csproj (yofotokoza pulojekiti yanu) mufoda imene mulimo, limafunsa seva ya nuget.org ngati phukusilo lilipo, limayesa ngati likugwirizana ndi pulojekiti yanu, kenako limalemba mzere umodzi mu Sitolo.csproj:

```
<PackageReference Include="CsvHelper" Version="33.0.1" />
```

Mzere umenewu ndiye chinthu chokha chimene chasintha pa mafayilo anu enieni. Mutha kuulemba ndi manja mkati mwa ItemGroup, n'kuthamangitsa `dotnet restore` (lamulo lotsitsa maphukusi otchulidwa mu .csproj), zotsatira zake n'zofanana ndendende. Ichi n'chimene timachikondera kwambiri NuGet yamakono: palibe chobisika. Mnzanu akatenga pulojekiti yanu pa Git, sasowa kuti mumutumizire mafayilo a .dll. Akangolemba `dotnet run`, restore imachitika yokha isanayambe build.

Lamuloli limafuna kuti mukhale mufoda imene muli fayilo ya .csproj imodzi yokha. Mukakhala pafoda yapamwamba imene muli .sln (fayilo ya solution, yosonkhanitsa mapulojekiti angapo) basi, likuuzani kuti silikupeza pulojekiti. Mukatero, kapena mukakhala ndi mapulojekiti awiri pamalo amodzi, tchulani dzina: `dotnet add Sitolo/Sitolo.csproj package CsvHelper`. Amene ali ndi .NET 10, imene inatuluka mu Novembala 2025, aonanso kalembedwe kena, `dotnet package add`. Kakaleko kakugwirabe ntchito, choncho palibe chokukakamizani kusintha.

Khodi yake ndi yaifupi (Katundu ndi kalasi imene mulembe nokha, yoimira mzere umodzi wa CSV):

```
using System.Globalization;
using CsvHelper;

using var wowerenga = new StreamReader("katundu.csv");
using var csv = new CsvReader(wowerenga, CultureInfo.InvariantCulture);
var mizere = csv.GetRecords<Katundu>().ToList();
```

Mzere woyambawo musausiye. Pulojekiti yatsopano imakulowetserani yokha System.IO ndi System.Linq, koma System.Globalization ayi, ndiye mukauiwala build imakana ndi nambala CS0103 ponena kuti CultureInfo siikudziwika. Ambiri apa amaganiza kuti phukusi silinalowe bwino n'kuyamba kulichotsa ndi kulibwezeretsa, pamene vuto si la NuGet n'komwe.

Za Visual Studio

Mu Visual Studio muli njira ziwiri. Yoyamba ndi kudina kumanja pa pulojekiti n'kusankha Manage NuGet Packages. Tsamba limenelo ndi labwino kwa wofufuza, chifukwa limaonetsa mwini phukusi, kuchuluka kwa amene analitsitsa, laisensi ndi maphukusi ena amene limadalira. Yachiwiri ndi Package Manager Console, kumene mumalemba `Install-Package CsvHelper`.

Njira yachiwiriyi ndi imene imagwetsa anthu. Pamwamba pake pali kabokosi kolembedwa Default project, ndipo phukusi limapita ku pulojekiti imene yasankhidwa m'kabokosimo, osati imene mwatsegula pamaso panu. Mu solution ya mapulojekiti atatu n'zotheka kuika phukusi mu pulojekiti ya mayeso, uthenga n'kunena kuti zonse zayenda bwino, koma pulogalamu yanu ya console n'kumakanabe ndi CS0246, kunena kuti CsvHelper siikupezeka. Onjezerani `-ProjectName Sitolo` kuti pasakhale chikayiko.

Chinanso, `Install-Package` ya mu Visual Studio si yofanana ndi `Install-Package` ya PowerShell wamba ya Windows. Dzina n'limodzi, ntchito n'zosiyana. Mukakopera lamulolo pa tsamba la nuget.org n'kukaliika mu PowerShell wamba, silikhudza n'komwe .csproj yanu. Kunja kwa Visual Studio gwiritsani `dotnet add package` basi. Ife timalangiza lamulo lomweli ngakhale mkati mwa Visual Studio, chifukwa limagwira chimodzimodzi pa Windows, Linux ndi macOS.

Kumene mafayilo amapita

Phukusi la NuGet ndi fayilo ya .nupkg, imene kwenikweni ndi zip yosinthidwa dzina. Mukaitsegula mupeza fayilo ya .nuspec yofotokoza phukusilo, ndi foda ya lib yokhala ndi timafoda monga net8.0, netstandard2.0 kapena net462. Kafoda kalikonse kali ndi .dll yakeyake, ndipo NuGet imasankha koyandikira kwambiri ndi TargetFramework, ndiye kuti vesheni ya .NET imene pulojekiti yanu ikugwiritsa ntchito.

Mafayilowa sapita mufoda ya pulojekiti. Amasungidwa malo amodzi pa kompyuta yonse: `%userprofile%\.nuget\packages` pa Windows, `~/.nuget/packages` pa Linux ndi macOS. Mapulojekiti khumi ogwiritsa CsvHelper 33.0.1 amawerenga kope limodzi lomwelo. Amene anazolowera npm, kumene pulojekiti iliyonse imakhala ndi node_modules yakeyake yodzaza mafayilo, aona kusiyana msanga. Amene anazolowera pip aonanso kuti kuno sikufunika virtual environment, pakuti mavesheni osiyana a phukusi limodzi amakhala moyandikana osasokonezana, ndipo pulojekiti iliyonse imatenga yake.

Kwa wogwira ntchito ndi intaneti yogula bandulo, apa ndi pamene NuGet imapindulitsa. Vesheni imene inatsitsidwa kale siitsitsidwanso. Ngati mzere wa PackageReference ukutchula vesheni imene ili kale mufoda ija, restore imatha popanda intaneti. Mwina ingotulutsa chenjezo la NU1900 lonena kuti yalephera kufunsa za chitetezo cha maphukusi, koma build ipitirira. Chimene chimafuna intaneti nthawi zonse ndi `dotnet add package` yopanda `--version`, chifukwa imayenera kukafunsa kuti yatsopano ndi iti.

M'kalasi kapena mu ofesi ya makompyuta ambiri, munthu mmodzi atha kutsitsira onse. Pa kompyuta ya intaneti alembe `dotnet restore --packages D:\maphukusi`, akopere fodayo pa flash, ndipo enawo alembe `dotnet restore --source D:\maphukusi`. Musayese kutsitsa .nupkg imodzi yokha pa tsamba la nuget.org poganiza kuti zakwana, chifukwa maphukusi ambiri amadalira anzawo, ndipo anzawowo akasowa restore imaima.

Pali fayilo ina yofunika kuidziwa, `obj/project.assets.json`. Mmenemo ndi mmene restore imalemba mndandanda wonse wa zimene yasankha. Mukafufuta foda ya obj n'kuthamangitsa build ndi `--no-restore`, mulandira NETSDK1004. Mankhwala ake ndi `dotnet restore`. Mafoda a obj ndi bin asalowe mu Git. `dotnet new gitignore` imakukonzerani fayilo yowatsekera kunja.

Phukusi limodzi limabwera ndi anzake

Pulogalamu ya console ilibe zambiri zimene pulojekiti ya ASP.NET Core imabadwa nazo. Chitsanzo chodziwika ndi kuwerenga appsettings.json. Mukalemba `dotnet add package Microsoft.Extensions.Configuration.Json`, mu .csproj mulowa mzere umodzi, koma mufoda ya bin mupeza ma .dll angapo: Microsoft.Extensions.Configuration, Configuration.Abstractions, Configuration.FileExtensions, FileProviders.Physical, Primitives ndi ena. Zili ngati kuitana mlendo mmodzi ku ukwati, iye n'kubwera ndi abale ake, ndipo onsewo muyenera kuwadyetsa. Kuti muwaone onse lembani `dotnet list package --include-transitive`.

Chitsanzo chomwechi chili ndi misampha itatu, ndipo uliwonse umaphunzitsa kanthu za NuGet.

Woyamba: dzina la phukusi si dzina la namespace, lija mumalemba pambuyo pa `using`. Phukusi ndi Microsoft.Extensions.Configuration.Json, koma pamwamba pa khodi mumalemba `using Microsoft.Extensions.Configuration;`. N'chimodzimodzi ndi Serilog.Sinks.Console, imene imangofuna `using Serilog;`. NuGet siikuuzani namespace, muyenera kuwerenga README ya phukusilo.

Wachiwiri: mukayesa `config.GetValue<int>("Malire")`, build ikana ndi CS1061 ngakhale phukusi lili m'malo mwake. GetValue ili mu phukusi lina, Microsoft.Extensions.Configuration.Binder, limene loyambalo silibwera nalo. Uthenga wa vutolo sutchula zimenezi. Microsoft inagawa malaibulale amenewa m'tizidutswa ting'onoting'ono kuti munthu atenge chimene akufuna chokha, ndipo ganizolo n'labwino, koma woyamba kumene amataya nthawi yambiri kufufuza kachidutswa kamene kasowa.

Wachitatu: fayilo ya appsettings.json siipita yokha kufoda ya bin. Pulogalamu ikayamba imaifunafuna pambali pa .dll yake, n'kugwa ndi FileNotFoundException. Mu .csproj muwonjezere:

```
<ItemGroup>
  <None Update="appsettings.json">
    <CopyToOutputDirectory>PreserveNewest</CopyToOutputDirectory>
  </None>
</ItemGroup>
```

Nkhani ya mavesheni

Apa ndi pofunika kudekha, chifukwa NuGet imaganiza mosiyana ndi mmene ambiri amayembekezera. `Version="33.0.1"` satanthauza 33.0.1 yokha. Amatanthauza 33.0.1 kapena yoposerapo, ndipo pa zonse zololedwazo NuGet imasankha yotsikitsitsa. Ndiye pa zochitika zenizeni mumalandira 33.0.1 yomweyo lero, mawa ndi chaka chamawa. npm imachita mosemphana: kachizindikiro ka ^ kamene imaika kamaloleza kukwera kufika pa yatsopano, malinga ngati nambala yoyamba sinasinthe. Njira ya NuGet ndi yosamala, ndipo ife tikuona kuti ndi yoyenera, pakuti pulogalamu imene inkayenda siisweka usiku chifukwa choti mwini phukusi watulutsa china.

Kuipa kwake n'kwakuti maphukusi obwera ndi anzawo aja amakhala pa vesheni yakale mpaka kalekale. Ngati phukusi A linalembedwa kuti likufuna Newtonsoft.Json (laibulale yowerengera ndi kulembera JSON) 12.0.1 kapena yoposerapo, mulandira 12.0.1, pamene mavesheni onse a Newtonsoft.Json a m'mbuyo mwa 13.0.1 ali ndi vuto lodziwika: JSON yolowerana kwambiri mkati imatha kugwetsa pulogalamu. Kukonza kwake n'kutchula nokha phukusilo mu .csproj ndi vesheni yabwino, monga 13.0.3, chifukwa chimene mwalemba mwachindunji chimapambana chimene chabwera kudzera mwa wina.

Lamulo lomwelo likatembenuka limabala NU1605. Inu mwalemba vesheni yotsika, phukusi lina likufuna yokwera, ndipo NuGet imakana kutsitsa mwakachetechete. Uthenga umenewu ndi umodzi mwa olembedwa bwino: umaonetsa njira zonse ziwiri, kuti ndani akufuna chiyani. Kwezani yanuyo, musatseke chenjezolo ndi NoWarn, chifukwa mukatero vuto limasamukira pa nthawi yothamangitsa pulogalamu, kumene limatuluka ngati MissingMethodException kapena kulephera kutsegula .dll.

Wofuna kukhomerera vesheni imodzi yokha alembe `Version="[33.0.1]"`. Wofuna kuti izikwera yokha alembe `33.*`, koma izi sitikulimbikitsa pa pulogalamu yopita kwa kasitomala. Kuti mndandanda wonse ukhazikike, kuphatikizapo obwera ndi anzawo, ikani `<RestorePackagesWithLockFile>true</RestorePackagesWithLockFile>` mu PropertyGroup. Patuluka fayilo ya packages.lock.json, imene iyenera kulowa mu Git, ndipo `dotnet restore --locked-mode` imakana ngati china chasuntha. N'zodabwitsa kuti mpaka pano izi siziyaka zokha pa pulojekiti yatsopano.

Dandaulo lathu lalikulu pa mavesheni ndi ili: `dotnet add package` yopanda `--version` imatenga yatsopano kwambiri, osati yatsopano imene ikugwirizana ndi pulojekiti yanu. Entity Framework Core, laibulale ya Microsoft yolumikizira ku database, pa vesheni 8 imafuna net8.0, ndipo 10 imafuna net10.0. Mukakhala pa net8.0 n'kulemba `dotnet add package Microsoft.EntityFrameworkCore.Sqlite`, lamulolo litenga ya 10, liona kuti sizikugwirizana, n'kukubwezerani NU1202. Silinena kuti tengani ya 8 kapena ya 9, ngakhale seva ili ndi zonse zofunika kuti lidziwe. Muyenera kupita pa nuget.org, kutsegula Versions, kenako Frameworks, n'kusankha nokha.

Mnzake wa NU1202 ndi NU1701, koma ili ndi chenjezo chabe. Limatanthauza kuti phukusilo linapangidwira .NET Framework yakale, ndipo NuGet yalilowetsa poyembekezera kuti mwina liyenda. Nthawi zina limayendadi. Nthawi zina limagwa pamene khodi yafika pa chinthu chimene .NET yamakono ilibe, ndipo tsikulo litha kukhala pambuyo poti mwapereka kale pulogalamu. Mukaona NU1701 fufuzani ngati pali phukusi lina lolowa m'malo mwake.

Restore ikakana

NU1101 imati phukusi silikupezeka. Choyamba yang'anani kalembedwe ka dzina. Ngati dzina lili bwino, werengani kumapeto kwa uthengawo, kumene imatchula nkhokwe zimene yafufuzamo. Pa makompyuta ena a Windows mupeza kuti yatchula Microsoft Visual Studio Offline Packages yokha, kutanthauza kuti nuget.org mulibe mu NuGet.Config. Tsimikizani ndi `dotnet nuget list source`, kenako:

```
dotnet nuget add source https://api.nuget.org/v3/index.json -n nuget.org
```

Fayilo ya NuGet.Config ya munthu aliyense ili ku `%appdata%\NuGet` pa Windows. Koma dziwani kuti NuGet imawerenganso nuget.config iliyonse imene yapeza kuyambira mufoda ya pulojekiti kukwera mpaka pamwamba pa disiki. Fayilo yoiwalika mufoda yapamwamba, yokhala ndi mzere wa `<clear />`, imatha kufufuta nkhokwe zonse za mapulojekiti ali pansi pake.

NU1102 imati phukusi lilipo koma vesheni imene mwatchula palibe. Ngati ndi ya mayesero, yokhala ndi mawu monga beta kapena rc, lembani vesheniyo yonse pamodzi ndi mawuwo, kapena chotsani `--version` ndi kuika `--prerelease`.

NU1301 ndiye yotopetsa. Imangoti yalephera kufikira nkhokwe, ndipo zifukwa zake n'zambiri: bandulo yatha, proxy ya ku ofesi ikutchinga, wotchi ya kompyuta yalakwika moti satifiketi ya seva ikuoneka ngati yosavomerezeka, kapena mu NuGet.Config mwatsala nkhokwe ya kampani imene simukuifikiranso. Chomalizachi chimapweteka chifukwa nkhokwe imodzi yakufa imaimitsa restore yonse, ngakhale phukusi limene mukufuna lili pa nuget.org. Yesani kutsegula adiresi ya index.json ija mu browser. Ikatseguka, vuto lili pa nkhokwe ina, ndipo `dotnet nuget disable source` ndi dzina lake imathetsa nkhani.

Kupereka pulogalamu kwa wina

Mukamaliza build, mu `bin/Debug/net8.0` mupeza Sitolo.exe, Sitolo.dll, Sitolo.deps.json, Sitolo.runtimeconfig.json ndi CsvHelper.dll. Kulakwitsa kofala ndi kukopera Sitolo.exe yokha. Fayilo imeneyo ndi kachoyambitsira chabe. Khodi yanu ili mu Sitolo.dll, ndipo ya phukusi ili mu .dll yakeyake. Njira yoyenera ndi `dotnet publish -c Release`, n'kupereka foda yonse ya publish. Ngati wolandirayo alibe .NET pa kompyuta yake:

```
dotnet publish -c Release -r win-x64 --self-contained true -p:PublishSingleFile=true
```

Fayilo yotulukayo imaposa ma megabyte 60 ngakhale pulogalamu ikhale ya mizere makumi awiri, chifukwa yanyamula .NET yonse. Ena amaichepetsa ndi PublishTrimmed, imene imadula khodi yooneka ngati yosagwiritsidwa ntchito. Chenjerani nayo pa maphukusi odalira reflection (kufufuza makalasi pa nthawi yothamanga) monga Newtonsoft.Json ndi CsvHelper: chodulacho sichiona kuti kalasi yanu ya Katundu idzafunika pa nthawi yothamanga, ndiye chitha kudula mbali zake. Build imatha bwinobwino, pulogalamu n'kudzagwa m'manja mwa kasitomala. Machenjezo oyamba ndi IL2 amene amatuluka pa publish ndi oti muwawerenge.

Maphukusi ena amanyamulanso khodi yopangidwira mtundu umodzi wa kompyuta. Microsoft.Data.Sqlite imabwera ndi SQLitePCLRaw, imene imaika foda ya runtimes yokhala ndi laibulale ya e_sqlite3 ya Windows, Linux ndi macOS. Mukaisiya foda imeneyo pokopera, pulogalamu imayamba koma imagwa ikangofuna kutsegula database. System.Drawing.Common ndi nkhani ina: imalowa mu pulojekiti popanda kudandaula kulikonse kwa restore, koma kuyambira .NET 6 ndi ya Windows yokha, ndiye pa seva ya Linux imagwa. Wokonza zithunzi pa Linux ayang'ane SkiaSharp.

Laisensi ndi chitetezo

Apa NuGet ili ndi mbali yowala ndi mbali yamdima. Yowala n'njakuti nuget.org siilola mwini phukusi kufufuta vesheni imene anaitulutsa. Atha kuibisa kuti isaoneke pofufuza, kapena kuilemba kuti ndi yachikale, koma amene akuigwiritsa kale ntchito apitiriza kuitsitsa. Zimene zinachitika ku npm mu Malichi 2016, pamene kaphukusi ka left-pad kanachotsedwa n'kuimitsa mapulojekiti ambirimbiri, kuno sizingachitike mwanjira imeneyo. Palinso kachizindikiro kabuluu pambali pa dzina la phukusi, kosonyeza kuti chiyambi cha dzinalo, monga Microsoft kapena Serilog, chinasungidwira mwini wake weniweni. Kamathandiza kupewa maphukusi a mayina ofananirako amene akuba amaika dala. Sikatanthauza kuti khodiyo inayesedwa.

Kuyambira SDK ya .NET 8, restore imayang'ananso ngati phukusi lili ndi vuto la chitetezo lodziwika, n'kutulutsa chenjezo kuyambira NU1901 pa laling'ono mpaka NU1904 pa loopsa kwambiri. Kuti muone zonse, ndi za obwera ndi anzawo omwe, lembani `dotnet list package --vulnerable --include-transitive`. Ngati pulojekiti yanu ili ndi TreatWarningsAsErrors, dziwani kuti build imene inkayenda dzulo itha kukana lero inu musanasinthe kalikonse, chifukwa chakuti vuto latsopano lalengezedwa.

Mbali yamdima ndi laisensi. `dotnet add package` siionetsa laisensi, ndipo siichenjeza ikasintha pakati pa vesheni ina ndi inzake. EPPlus, imene ambiri amalembera Excel, inali ya LGPL mpaka vesheni 4. Kuyambira 5, mu 2020, wogwiritsa ntchito pa malonda ayenera kugula laisensi. FluentAssertions, laibulale yolembera mayeso a khodi, inachita zofanana ndi vesheni 8 mu Januwale 2025. Eni ake ali ndi ufulu wotero, ndipo ntchito imene amagwira ndi yaikulu. Vuto n'lakuti munthu atha kukweza maphukusi onse nthawi imodzi mu Visual Studio n'kulowa m'ngongole osadziwa. Pa Excel, ClosedXML ili ndi laisensi ya MIT ndipo imakwanira pa malipoti ambiri. Wofuna kukhala pa FluentAssertions 7 alembe `Version="[7.0.0,8.0.0)"` kuti isadumphe malire.

Kumbukiraninso kuti phukusi litha kunyamula mafayilo a .targets kapena analyzer amene amathamanga pa kompyuta yanu nthawi ya build, pulogalamu yanu isanayambe n'komwe. Mu Ogasiti 2023 Moq 4.20.0, laibulale yothandiza pa mayeso a khodi, inabwera ndi kachigawo kotchedwa SponsorLink, kamene kankawerenga imelo ya wolemba khodi mu Git pa nthawi ya build. Anthu atadandaula kanachotsedwa mu 4.20.2, koma nkhaniyo inaonetsa poyera kuti kuika phukusi ndi kupatsa mwini wake mwayi wothamangitsa khodi pa makina anu. Kampani imene ili ndi nkhokwe yakeyake pamodzi ndi nuget.org iike packageSourceMapping mu nuget.config, kuti phukusi la mkati lisalowedwe m'malo ndi lina la dzina lomwelo loikidwa kunja.

Ndipo musanaike chilichonse, funsani ngati .NET ilibe kale chinthucho. Maphunziro ambiri akale a pa intaneti amayamba ndi kuika Newtonsoft.Json, imene analemba James Newton-King ndipo ndi imodzi mwa otsitsidwa kwambiri pa nuget.org. Ndi laibulale yabwino, koma kuyambira .NET Core 3.0 mu 2019, System.Text.Json imabwera ndi .NET yomweyo, ndipo pa pulogalamu ya console yongolemba ndi kuwerenga JSON wamba imakwanira popanda phukusi lililonse.

Mapulojekiti akale

Amene alandira pulogalamu ya console ya .NET Framework 4 apeza kachitidwe kena: fayilo ya packages.config, foda ya packages pambali pa .sln, ndi mizere ya HintPath mu .csproj yoloza ku ma .dll. `dotnet add package` siigwira pa mapulojekiti otere. Mukasuntha pulojekiti kupita foda ina, HintPath imaloza pamalo opanda kanthu ndipo ma reference amaoneka ndi kachizindikiro kachikasu. `Update-Package -reinstall` mu Package Manager Console imawakonza. Visual Studio ilinso ndi chosinthira, mukadina kumanja pa packages.config, chosamutsira ku PackageReference. Ngati palibe chokuletsani, samukani.

Kukweza, kuchotsa ndi kuyeretsa

`dotnet list package --outdated` imaonetsa zimene zatsalira m'mbuyo, koma siikweza. Mumakweza pothamangitsanso `dotnet add package` ndi vesheni yatsopano, phukusi limodzi pa nthawi, n'kuyesa pulogalamu musanapite pa lina. Nambala yoyamba ikasintha, monga kuchoka pa 12 kupita pa 13, werengani kaye zimene eni ake alemba kuti zasintha. Mu solution ya mapulojekiti ambiri, fayilo ya Directory.Packages.props imasunga mavesheni onse pamalo amodzi. Mukaiyatsa, chotsani Version pa mizere ya PackageReference, apo ayi mulandira NU1008.

`dotnet remove package CsvHelper` imachotsa mzere mu .csproj basi. Mafayilo amatsala mufoda yaikulu ija, imene imakula chaka ndi chaka mpaka kufika ma gigabyte angapo, chifukwa NuGet siichotsa yokha mavesheni akale. Disiki C ikadzaza mutha kuisamutsira kwina poika NUGET_PACKAGES kuti iloze foda ya pa disiki ina.

Malangizo ambiri a pa intaneti amati vuto lililonse la restore lithetsedwe ndi `dotnet nuget locals all --clear`. Lamulo limenelo limafufuta maphukusi onse a mapulojekiti onse pa kompyuta, ndipo onsewo muyenera kuwatsitsanso. Ngati vuto ndi lakuti vesheni imene yangotuluka kumene siikuoneka, `dotnet nuget locals http-cache --clear` ndi yokwanira, pakuti imangochotsa mayankho a seva amene NuGet imasunga kwa mphindi 30. Ngati phukusi limodzi ndilo linaonongeka intaneti itaduka pakati potsitsa, lowani mu `.nuget/packages`, fufutani kafoda ka phukusi lokhalo, tsekani Visual Studio kuti isagwire mafayilo, kenako thamangitsani `dotnet restore --force`.